Sukulu ya Mayi Zelifa ku Mpondamwala

Kalekale, m'masiku amene sitima inkayendera malasha, ndipo munthu wotha kulemba dzina lake ankachita kulozedwa pamsika, m'mbali mwa njanji munali katauni kena kotchedwa Mpondamwala. Kanali kakang'ono ndithu: siteshoni, sitolo zingapo za amwenye, msika wa thonje, kenako nyumba zaudzu zimene zinangoti mbwee mpaka kudambo. Sukulu inalipo imodzi yokha, ya mishoni, pamwamba pa kaphiri. Koma sukulu imeneyo inkasankha. Mwana wa bambo wamitala sankalembedwa. Mwana wa Msilamu ankauzidwa kuti ayambe wasintha dzina. Amene bambo wake ankadziwika kuti amapita kudambwe ankabwezedwa asanafike n'komwe pakhomo. Choncho ana ambiri a m'tauniyo ankangokulira pasiteshoni, kulimbirana zotsala za nzimbe zimene apaulendo ankaponya pawindo la sitima.

M'katauniko munali mayi wina dzina lake Zelifa. Iye anakulira pamishoni pomwepo, ndipo mutu wake unali wakuthwa, moti atamaliza makalasi amene analipo anamuika kuti azithandiza kuphunzitsa ana oyamba kumene. Anakwatiwa ndi mnyamata wokonza njanji, koma ukwatiwo sunakhalitse. Mwamunayo anadwala chifuwa n'kumwalira, osamusiyira ngakhale mwana mmodzi. Akuluakulu a mpingo anamupezera mwamuna wina, mkulu wofedwa wa msinkhu wa bambo ake. Zelifa anakana. Akuluakuluwo anamuuza kuti ngati ndi choncho, mkazi wopanda banja sangaime pamaso pa ana awo. Zelifa anamanga katundu wake pachitenje, n'kutsika kaphiriko osacheuka.

Anayamba kugulitsa zitumbuwa pasiteshoni. Tsiku lina sitima ya katundu itaima, anaona kamtsikana kena kotuwa ndi fumbi kakuyang'anitsitsa zilembo za pangolo ya sitimayo, kwinaku kakuzijambula pansi ndi chala.

"Iwe, chimene walembacho ukuchidziwa?" anafunsa Zelifa.

"Ayi mayi, ndangotengera pamenepo."

"Dzina lako ndani?"

"Fanesi."

"Sendera kuno, Fanesi, ndikuonetse chilembo choyamba cha dzina lako."

M'mawa mwake Fanesi anabwera ndi azing'ono ake. Mkuja wake anabwera ndi anzake. Mwezi usanathe zitumbuwa zinkangozizira m'dengu, mwini wake ali kalikiliki ndi ana amene anamuzungulira.

Kuseri kwa msika kunali shedi yakale imene ankasungiramo thonje msika usanakulitsidwe. Malo amene inaimapo anali a Che Twaibu, telala wa m'tauniyo, amenenso ankachita malonda a mchere ndi chimanga. Zelifa anapita kukagwada pakhonde pawo n'kufotokoza chimene ankafuna.

"Ana anga muwalandira?" anafunsa Che Twaibu, phazi lili pamakina osokera.

"Ndiwalandira."

"Ndi mayina awo omwewo?"

"Ndi mayina awo omwewo."

"Basi, pitani mukasese."

Umo ndi mmene inayambira sukulu yoyamba yoyima payokha m'dera lonselo, yosakhala ya mishoni, yosakhala ya boma. Inalibe dzina; anthu ankangoti kwa Mayi Zelifa. Makolo ankabweretsa chimene anali nacho, wina nkhuku, wina kalichero ka mtedza, wina kungobwera ndi khasu kudzalambula bwalo. Ana ankakhala panjerwa zosweka. Ena anali aang'ono osatha kudzipukuta mamina, ena anali anyamata otuluka ndevu amene ankabwera atatsitsa kaye matumba pasiteshoni. Zelifa sanabwezepo ngakhale mmodzi.

Sukulu imeneyi inatsala pang'ono kufa katatu. Mvetserani bwino mmene inapulumukira, chifukwa mlandu wathu wagona pamenepo.

Zelifa anali ndi mlongo wake wamng'ono, Lefani, mmisiri womanga nyumba, munthu wamtali ndi wa mphamvu zake. Sukulu sanapiteko, pamene mlongo wake ankaphunzira pamishoni iye anali kubusa. Tsiku lina analowa m'shedimo, anamenya mzati ndi chikhatho, dothi lofiira n'kuthothoka.

"Achemwali, chiswe chamaliza mitengoyi. Atulutseni anawa."

"Ndiwatulutsire kuti, achimwene, mvula ili pafupi chonchi? Tidikire dzinja lithe."

Mphepo sinadikire kuti dzinja lithe. Masana ena kumwamba kunada bii, ndipo kunabwera chimphepo chochokera kudambo chimene chinathyola mapapaya n'kuulutsa madenga a pamsika. Shedi inayamba kulira ngati ngolo yolemedwa. Ana anakuwa, onse n'kuthamangira khomo limodzi, n'kupanikizana pomwepo. Zelifa atakweza maso anaona mtanda waukulu wa pakati ukutsetsereka pamzati wake, pansi pake pali tiana toyamba kumene. Amene analowa anali Lefani, yemwe tsikulo ankamanga khitchini ya mmwenye wina pafupi pomwepo. Anaponda pamulu wa njerwa n'kulandira mtandawo ndi phewa.

"Atulutseni! Achemwali, atulutseni, musandiyang'ane ine!"

Zelifa anakoka ana mmodzimmodzi, ena pamkono, ena pamwendo, n'kumawaponyera panja pamvula. Womaliza atatuluka, mawondo a Lefani anagonja, denga lonse n'kumugwera.

Sanafe. Anagona pamphasa mpaka anthu anakolola, ndipo atadzuka anadzuka wopindika msana, woyenda atayang'ana pansi ngati munthu wofuna singano imene wataya. Pamakwerero sanakwereponso, ndipo amwenye anapeza mmisiri wina. Zelifa ankayembekeza kuti tsiku lina mlongo wake adzamuuza kuti, paja ndinanena ine. Mawu amenewo sanatuluke. Chimene anachita Lefani ndi kupita pachulu cha kuseri kwa msika n'kuyamba kuumba njerwa atakhala pansi, chikombole chili pakati pa miyendo. Anaumba chilimwe chonse. Anawotcha, n'kumanga zipinda ziwiri, akulozera anyamata akuluakulu a pasukulupo pamene iye sakanatha kufikira. Njinga yake, imene sakanathanso kuikwera, anasinthanitsa ndi malata. Sukulu inatsegulidwanso m'nyumba ya njerwa zowotcha. Koma Zelifa nthawi zonse akaona mlongo wake akudutsa pabwalo chowerama, mawu ankamuthawa pakati pa phunziro.

Patapita zaka kunagwa njala. Mvula inagwa kamodzi, anthu n'kubzala, kenako kumwamba kunangoti mbee. Chimanga chinauma chisanamasule. Anthu anadya gaga, gaga atatha anadya mango osakhwima owiritsa, kenako mizu ya kudambo. M'kalasi ana anayamba kuchepa. Amene ankabwera ankangowodzera, milomo itauma. Mabanja ena anamanga katundu kupita kutsidya kwa malire kukasuma, ndipo atsikana ena, amene anali atangoyamba kuwerenga bwino, makolo awo anawapereka kubanja posinthana ndi dengu la chimanga. Tsiku lina Zelifa anamenya chitsulo cha njanji chimene chinali belu lawo, ndipo kunabwera ana osakwana kudzaza mphasa imodzi. Anawauza kuti mawa asabwere.

Dzuwa lisanalowe Che Twaibu anafika.

"Ndamva mwatseka, aphunzitsi."

"Ndiwaphunzitse chiyani, Che Twaibu? Mwana ukamufunsa funso akungokuyang'ana m'manja."

"Musatseke. Mawa tumizani anyamata kwathu ndi matumba."

Che Twaibu anali ndi chimanga chimene anagula chaka chathacho, chodzaza chipinda chonse cha kuseri kwa shopu yawo. Amalonda anzawo ankagulitsa chawo moti munthu ankasiya mbuzi n'kutenga kambale. Iwo anatsegula chipindacho n'kunena kuti mwana aliyense wobwera kusukulu azimwa phala asanalowe m'kalasi, kaya ndi wa ndani. Mbiri inamveka. Ana anabwerera, pamodzi ndi ena amene sanapondepo pasukulu chibadwire, ndipo makolo amene anatsala pang'ono kupereka ana awo aakazi anayamba aima kaye.

Akazi awo, Abiti Mdoka, anawachenjeza. Zelifa anadzimvera yekha tsiku lina akudikira pakhonde.

"Mukudyetsa tauni yonse. Kodi mvula mwapangana nayo tsiku?"

Che Twaibu anangoyankha kuti Mulungu ndiye adziwa, makina osokera n'kupitiriza kulira.

Chipinda chija chinatha zokolola zisanafike. Nyumba ya Che Twaibu inayamba kudya mizu ngati nyumba zina zonse. Mwana wawo womaliza, Amidu, amene anali asanafike poyamba sukulu, anatupa miyendo, kenako anatsegula m'mimba, ndipo thupi lofooka kale silinapirire. Anamwalira maungu oyamba atangoyamba kuoneka m'minda.

Zelifa anapita kumaliro. Anakhala kumapeto kwa azimayi, atafunda chitenje kumutu. Abiti Mdoka anamuona, anasiya kulira, n'kumufunsa ndi mawu otsika, ofatsa, ngati akufunsa za ulendo:

"Aphunzitsi, ana anu onse ali moyo?"

Ana onse a pasukulu ya Zelifa anali moyo. Masiku a maliro atatha, Abiti Mdoka anatenga ana otsala n'kubwerera kwawo kumapiri, osadzabweranso. Che Twaibu anatsala ndi makina awo. Za Amidu sanatchulepo kwa munthu, koma kuyambira pamenepo anatulutsa makinawo n'kuwaika pakhonde loyang'ana kusukulu.

Tsoka lachitatu linabwera pagalimoto. Mzungu woyendera masukulu anatsika ndi womasulira wake, anazungulira zipinda, anasuzumira m'chimbudzi, n'kufunsa kuti mphunzitsi wa satifiketi ndani pano. Panalibe. Zelifa anaphunzira zambiri pamishoni, koma kukoleji ya aphunzitsi sanapiteko. Womasulira anati lamulo latsopano silikulola sukulu yotere, ndipo bwana akadzabweranso mvula ikatha n'kupeza zinthu zili chomwechi, adzakhoma zitseko.

Zelifa ankadziwa munthu mmodzi yekha woti n'kumuthandiza. Fanesi, kamtsikana ka pasiteshoni kaja, anali atapita patali. Atamaliza kwa Zelifa anakakhala kwa azakhali ake kutauni yaikulu, anapitiriza sukulu, analowa koleji, ndipo tsopano ankaphunzitsa pasukulu ya magalasi m'mawindo, ali ndi nyumba yakeyake ya mpopi pakhomo. Analinso pachibwenzi ndi kalaliki wa kuofesi ya njanji, ndipo ankhoswe anali atakumana kale. Zonsezi Zelifa ankazidziwa. Anazengereza mpaka mvula inayamba kuchepa, kenako anakwera sitima.

Fanesi anamulandira ndi manja awiri, anamuphera nkhuku. Atamva chimene chinamuyendetsa, anasiya kudya.

"Mayi, mukudziwa kuti ukwati wanga aulengeza kale kutchalitchi?"

"Ndikudziwa, mwanangu."

"Mukudziwanso kuti iwo aja sangasiye ntchito yawo kukakhala ku Mpondamwala?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye mwabwerabe?"

"Ndabwerabe. Ndilibe kwina kolowera."

Fanesi anatuluka panja, n'kukhalako nthawi yaitali. Zelifa anabwerera kwawo osamva yankho, ndipo ulendo wonse ankadzifunsa ngati kuphunzitsa mwana kuwerenga kumakupatsa mphamvu yomulanda moyo wake wonse. Mvula itatha Fanesi anatsika pasiteshoni ndi sutikesi ndi bokosi la mabuku. Anali atapempha bwenzi lake kuti adikire chaka chimodzi, mpaka papezeke mphunzitsi wina. Mphunzitsi wina sanapezeke. Ndani wa satifiketi akanasiya nyumba ya mishoni kuti azidzalandira nkhuku ndi mtedza? Kalaliki uja anadikira chaka chimenecho, n'kukwatira wina.

Mzungu uja atabwera anakhala kumbuyo kwa kalasi, anamvetsera Fanesi akuphunzitsa, n'kukwera galimoto yake osakhoma chitseko chilichonse. Zaka zotsatira ana a kwa Mayi Zelifa anayamba kukhoza mayeso a boma, ena mpaka kuposa a pakaphiri, ndipo makolo a m'midzi yakutali anayamba kutumiza ana awo. Fanesi sanakwatiwe. Anakhala mphunzitsi woopedwa, wosachedwa kukweza ndodo, wosaseka ndi mwana. Kwa Zelifa ankagwada popereka moni monga kale, koma kucheza kuja kunatha.

Zaka zinapita. Zipinda zinawonjezeka, aphunzitsi ena anabwera, atsamunda anapakira n'kupita kwawo. Zelifa anakalamba, ndipo m'maso mwake munayamba ng'ala. Poyamba anabisa. Ankazindikira ana ndi mawu, n'kumayenda m'njira zimene mapazi ake ankazidziwa. Koma tsiku lina analemba pabolodi pamwamba pa zimene anali atalemba kale, ndipo kalasi yonse inangoti zii, osaseka ngakhale mmodzi. Apo ndi pamene anazindikira kuti ana anali atadziwa kalekale, ankangomumvera chisoni.

M'masiku omwewo kunabwera bwana wa zamaphunziro wa boma latsopano, munthu wakuda mnzathu, waulemu wake. Anakhala naye pansi pa mkuyu wa pabwalo.

"Amayi, ntchito mwaigwira," anatero bwanayo. "Koma sukulu yoyima payokha iyenera kukhala ndi mwini wake, woti tikafuna kufunsa kanthu tizifunsa iyeyo, ndipo inu maso ayamba kukuvutani. Sankhani munthu mmodzi. Ndidzabwera tsiku lotsegulira sukulu."

"Mmodzi yekha, bwana? Sangakhale atatu?"

"Atatu akayambana tidzamvera uti? Mmodzi, amayi. Mukapanda kusankha, ana tidzawagawa m'sukulu zina."

Sukulu zinazo Zelifa ankazidziwa. Ya pakaphiri inali yodzaza kale, zotsalazo zinali kutsidya kwa mtsinje umene dzinja suwolokeka.

Anaitana atatu aja Loweruka masana, pakhonde la kalasi yoyamba. Nkhope zawo sankazionanso, koma ankawadziwa: Lefani ndi kupuma kwake kolemera, Che Twaibu ndi fungo la mafuta a makina pamkanjo wawo, Fanesi ndi kugunda kwa nsapato zake. Anawafotokozera zonse, n'kupempha kuti agwirizane okha, mmodzi atchulidwe, enawo azimuthandiza.

Lefani ndiye anayamba.

"Achemwali, pali nkhani yanji pamenepa? Chinthu cha munthu chimatsala kwa abale ake. Inu mulibe mwana, mlongo wanu ndine. Khoma limene mwatsamiralo ndinamanga ndine, ndi msana uno. Kuwerenga sinditha, inde, koma aphunzitsi alipo, azidzaphunzitsa. Ine changa n'choti pakhomo pano pasadzabwezedwe mwana, monga munkachitira inu. Ndikadzafa adzatenga mwana wanga Dulani."

Zelifa ankamudziwa bwino Dulani. Mnyamatayo anathawa sukulu asanathe n'kuwerenga komwe, ndipo anamvekapo kumowa akunena kuti zipinda zimenezi zikanakhala bwino kuchititsa lendi kwa ogula thonje.

Fanesi sanadikire kuti Che Twaibu alankhule, ngakhale anali aakulu.

"Pepani a Lefani, ndimakulemekezani, koma bwana akadzafunsa za mayeso mudzamuyankha chiyani? Mayi, ine ndinena poyera kuti mawa pasadzakhale wonena kuti ndinabisa. Mukandipatsa ine, ndidzapempha thandizo la boma, chifukwa aphunzitsi a masiku ano sangakhale pano chifukwa cha nkhuku. Boma likathandiza lidzabwera ndi malamulo ake. Anyamata andevu aja adzachoka. Atsikana amene anabereka adzachoka. Mwana azidzayamba pa msinkhu wake, atavala yunifolomu."

"Fanesi!" Zelifa anafuula. "Ndiye tidzasiyana chiyani ndi a pakaphiri?"

"Mayi, mukaumirira kusunga onse, mutaya onse. Sukuluyi singapitirire mmene ililimu." Fanesi anapitiriza: "Ine ndinasiya zonse chifukwa munandipempha. Sindinakufunsenipo kanthu. Koma kukalamba ndikulamulidwa ndi munthu wosadziwa kugwira choko, zimenezo ayi. Mukasankha wina, ndipita. Malo andisungira kale kutauni."

Che Twaibu anakhosomola. Anali atakalamba kuposa onse, ndevu zili mbuu.

"Ine sindinabwere kudzakumbutsa anthu za phala," anatero. "Amene anamwa anamwa. Koma ndikuuzeni zimene zili kwathu. Ana a mlongo wanga akuti malo ano ndi a mbumba yathu, ndipo ine ndikangotseka maso adzawafuna. Sukulu ikakhala m'dzina langa, ndiwalumbiritsa pamaso pa anthu onse kumzikiti kuti malowa ndi a ana mpaka kalekale, ndipo amalonda anzanga alonjeza kumanga zipinda zina. Ikakhala ya wina, sindidziwa ngati mawu anga adzawagwira. Chimene ndipempha n'chochepa. Lachisanu ana aziweruka msanga, ndipo madzulo shehe azibwera kudzaphunzitsa amene akufuna."

"Mwamva, achemwali?" Lefani anadula. "Lero shehe madzulo, mawa shehe m'mawa. Akhristu adzachotsa ana awo onse."

"Pamene ana a Akhristu ankamwa phala lija, palibe amene anawachotsa," anayankha Che Twaibu mosakweza mawu. Kenako anatembenukira kwa Zelifa. "Aphunzitsi, kunyumba kwanga kulibe phokoso. Phokoso la ana limene ndimamva ndi la pano. Musandichotse pamenepa."

Lefani anadzuka movutikira, akugwirira mzati.

"Ine sindidzagumula njerwa ngakhale imodzi. Koma mukapereka thukuta langa kwa mlendo, achemwali, mudzapeze wina wodzakuikani m'manda."

Anabalalika osatsanzikana.

Masiku otsatirawo chakudya chinasiya kumukomera Zelifa. Tauni inagawikana. Amayi ena ankabwera kudzamunong'oneza kuti asataye mlongo wake chifukwa cha anthu apadera. Abambo amene anapulumuka njala ija ali ana, tsopano ali ndi ana awoawo pasukulupo, ankati pakanapanda Che Twaibu bwenzi iwo ali kumanda. Aphunzitsi achinyamata anamuuza mosabisa kuti Fanesi akachoka nawonso amutsatira. Mtsikana wina wa mwana kumsana, amene anabwerera kusukulu atathawa banja lankhanza, anangobwera n'kugwira mwendo wa Zelifa, akulira.

Zelifa anatenga ndodo yake n'kuwayendera mmodzimmodzi, kuyesa ngati wina angafewe mtima. Lefani anamuyankha ali m'nyumba, chitseko chili chitsekere. Fanesi anamupatsa mpando ndi tiyi, n'kubwereza mawu omwe aja. Che Twaibu anangoti, "Chimene mungachite chitani, Mulungu akuona," ndipo tsiku limenelo makina awo sanalire.

Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti nthawi zonse sukulu ikamafa, wovulala ankakhala wina. Iye anangoyambitsa. Msana unathyoka wa wina, mwana anaikidwa wa wina, banja linatha la wina. Tsopano anatsala ndi chinthu chimodzi chokha choti athokoze nacho, ndipo chinthucho chinali chosagawika.

Tsiku lotsegulira sukulu linafika. Ana anafola pabwalo, makolo anadzaza mpaka kumsewu. Atatu aja anabwera, aliyense n'kukhala payekha. Zelifa anakhala pampando pakati pa khonde, makiyi a zipinda zonse ali m'manja. Anamva galimoto ikuima, chitseko chikutsekedwa, nsapato zikuyandikira.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" anatero bwana uja. "Nanga mwasankha ndani?"

Zelifa anaimirira, makiyi ali m'manja.

Ine nkhaniyi ndiisiyira pomwepa, mayiyo ali chiimire pamaso pa anthu. Inu amene mwamva, muthandizeni. Pakanapanda Lefani, ana akanafera pansi pa denga, ndipo sipakanakhala khoma loti anthu alimbirane. Pakanapanda Che Twaibu, makomawo akanatsala opanda mwana. Pakanapanda Fanesi, bwenzi zitseko zitakhomedwa kalekale. Musaiwalenso za mawa: Dulani akudikira, ana a mlongo wa Che Twaibu akudikira, ndipo mtsikana wa mwana kumsana uja naye ali pamzere pabwalopo. Tanenani tsono, mukanakhala inu Mayi Zelifa, makiyi amenewo mukanawaika m'dzanja la ndani, nanga awiri otsalawo mukanawauza chiyani?